Mbiri ya deliya, duwa lomwe timalikumbukira feteleza akadula

Lero ndikufuna tikambe za deliya. Eee, deliya yemweyu wa maluwa achikasu amene amadzaza m'mbali mwa msewu ndi m'magombe a mitsinje mvula ikangotha, cha mu Meyi ndi Juni. Ana amam'dziwa chifukwa cha kuwawa: ukam'gwira n'kuyika chala pakamwa, nsima ya tsiku limenelo yakuipira. Akuluakulu ambirife timangomuona ngati tchire loyenera kutentha mu Okutobala. Koma chomera chimenechi chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo yalukana kwambiri ndi mbiri ya thumba la feteleza limene likutisowetsa tulo masiku ano.

Choyamba, deliya si wa kuno. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo a ku Central America. Akatswiri a zomera amam'tchula Tithonia diversifolia, ndipo ali m'banja limodzi ndi mpendadzuwa komanso chisoso chomwe timadya chija. Mukayang'anitsitsa duwa la mpendadzuwa, la deliya ndi kaduwa kakang'ono ka chisoso muona kuti kapangidwe n'kamodzi: pakati pali timaluwa tambirimbiri tothithikana, m'mbali muli masamba a duwa ozungulira ngati dzuwa. M'banja lomweli mulinso duwa lina la ku Mexico komweko lomwe azungu amakonda kudzala pakhomo, lotchedwa dahlia. Tchulani mawu awiriwo motsatizana, dahlia, deliya. Ine khutu langa limandiuza kuti dzina lathuli linatuluka pamenepo, monga momwe tinapangira sitolo, buledi ndi sukulu.

Musadabwe kuti chomera cha kutali chonchi chili pakhomo pathu. Chimanga chomwe timati ndi moyo nachonso kwawo ndi ku Mexico. Chinangwa, mbatata, mtedza, fodya, tomato, nyemba ndi maungu, zonsezi zinawoloka nyanja yaikulu kuchokera ku maiko a America, Apwitikizi atayamba maulendo awo a pamadzi zaka za m'ma 1500. Makolo athu akalekale ankadalira mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama. Kusiyana kwake n'kwakuti mbewu zinazo zinabwera kudzadyedwa, pomwe deliya m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia anam'bweretsa m'nthawi ya atsamunda kuti azingokongoletsa pakhomo ndi kutchinga mpanda. Iye sanakhale mumpandamo. Njere zake n'zopepuka, zimayenda ndi mphepo ndi madzi, ndipo ngakhale kamtengo kake kodula kakagwera pachinyontho kamaphuka. Anathawa m'maluwa a mabwana n'kulowa m'tchire. Lero ali ku Kenya, Uganda, Nigeria, Zambia, India mpaka ku Thailand, kumene kudera la Mae Hong Son anthu amachita kukwera galimoto mu Novembala kukaona mapiri atachita chikasu ndi duwa lomweli. Ife timatentha, anzathu amakopa naye alendo. Dziko ndi lalikulu, abale.

Tsono tibwere kwathu. Dera lathu lino lasintha kwambiri m'zaka zana ndi makumi angapo zapitazi. Angoni a Kachindamoto anakhazikika ku Mtakataka zaka za m'ma 1890. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka n'kufika ku Salima mu 1935. Kenako misewu: wa m'mbali mwa nyanja uwu wa M5, ndi uja wokhotakhota wokwera phiri kuchokera pa Golomoti kukatulukira pa Masasa. Paliponse pamene munthu wagumula nthaka n'kuisiya pambalambanda, deliya amapakonda. N'chifukwa chake mumamuona m'mbali mwa msewu, m'ngalande, m'malire a minda ndi m'mabwinja. Kumtunda kozizira, monga ku Bembeke ndi ku Dedza boma, ndiye kuli wambiri zedi. Kuno kotentha amasankha malo a chinyontho, ndipo mitsinje yathu yotsika m'phiri, Nadzipokwe, Namikokwe, Livulezi, ndi imene imatitsitsira njere zake chaka ndi chaka.

Nanga makolo athu ankam'funa deliya pa ulimi? Ayi, analibe naye ntchito, chifukwa nthaka inali ndi njira zake zobwezera mphamvu. Yoyamba inali tsala: munda ukatopa ankausiya ugone zaka zingapo, iwo n'kukatsegula pena, poti malo analipo. Yachiwiri inali matope amene madzi osefukira ankasiya m'madambo ndi m'madimba. Yachitatu, imene mpaka pano tikuiona ndi maso, ndi msangu. Mtengo umenewu ndi wathu weniweni wa kuno kuchigwa. Umayoyola masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina ikuphuka, ndiye chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa, chimangodya manyowa. Aliyense wa ku Golomoti amadziwa kuti phesi la pansi pa msangu limasiyana ndi la pambali. Agogo athu sankadula msangu mwachisawawa, ndipo sanachite kuuzidwa ndi mlangizi.

Zinthu zinayamba kutembenuka anthu atachuluka, malo n'kuchepa, tsala n'kutha. Boma la atsamunda, makamaka itapita njala ya 1949, linalimbikira malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, migula, ndi chindapusa kwa wokana. Anthu anadana nazo chifukwa zinabwera ndi chikwapu, ndipo mkwiyo umenewo unathandizira ndale za ufulu. Titalandira ufulu mu 1964, Kamuzu anabwera ndi achikumbe, makalabu a alimi ndi ngongole za feteleza. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kuno kwathu inkagula thonje ndi chimanga, n'kumagulitsanso feteleza pamtengo womwe boma linkathandizirapo. Apa ndi pamene tinaphunzira kuti chonde chimagulidwa m'thumba. Amene munali m'makalabu mukukumbukira: wina akalephera kubweza ngongole, kalabu yonse inkamanidwa chaka chotsatira, ndipo mbuzi kapena njinga zinkapita.

Dongosolo limenelo linagwa pakati pa 1992 ndi 1995. Kunagwa chilala choopsa mu 1992, anthu analephera kubweza ngongole, ndale za matipate zinalowa, bungwe la ngongole za alimi la SACA linatha, kwacha inagwa mphamvu mu 1994, ndipo boma linachotsa thandizo lake pa mtengo wa feteleza potsatira mfundo za mabungwe obwereketsa ndalama akunja. Mlimi wamba anadzuka m'mawa n'kupeza kuti thumba lija lamuthawa.

Mvetserani tsopano, chifukwa apa ndi pamene deliya akulowa m'nkhani ya ulimi. Zaka zomwezo za m'ma 1990, akatswiri a bungwe la ICRAF ndi anzawo kuzambwe kwa dziko la Kenya anayamba kuyesa masamba a zitsamba zosiyanasiyana za m'malire a minda, kuti aone ngati angathandize alimi osowa feteleza. Chitsamba chomwe chinapambana chinali deliya, amene anthu a kumeneko amam'tchula dzina lotanthauza kuti maluwa owawa. Atapima masamba ake ouma anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse muli pafupifupi makilogalamu 3.5 a nayitirojeni, chakudya chija chobiriwitsa chimanga, makilogalamu 4 a potaziyamu, ndi fosifolasi wochepera theka la kilogalamu. Pa masamba a tchire, zimenezo n'zambiri. Chinanso n'chakuti amaola msanga, moti pakangotha masabata awiri kapena atatu mbewu yayamba kale kudya. Kuno ku Malawi akatswiri athu a zaulimi anayesanso pa chimanga, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1998. Alangizi ena ndi mabungwe anayamba kuuza alimi kuti tchire lowawa lija ndi manyowa.

Koma taonani chaka chimenecho, 1998. Ndi chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi linayamba kugawa sitata paki: makilogalamu 15 a feteleza, 2 a mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi kambewu ka mtundu wa nyemba, kwaulere, pafupifupi banja lililonse la kumudzi. Ndani akanasenza mitolo ya masamba owawa pomwe kathumba kakubwera kokha? Mu 2000 anachepetsa olandira, ndipo njala ya 2001 mpaka 2002 ambirife sitidzaiiwala. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi, thumba la makilogalamu 50 pa K950, kenako linatsika kufika pa K500. Nkhani ya deliya inazilala. Misonkhano ya kwa amfumu inasanduka ya mayina: ndani walembedwa, ndani wadumphidwa, kuponi imodzi tigawane mabanja angati. Mu 2020 inabwera AIP ya a Lazarus Chakwera pa K4,495 thumba, chaka chotsatira K7,500, mu 2022 K15,000, uku chiwerengero cha olandira chikutsika. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine inayamba mu 2022, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la kusitolo linadutsa K100,000. Lero m'magulu a pa WhatsApp ndi m'makalabu mwadzazanso nkhani za feteleza wa Mbeya, manyowa a chimato ndi a changu, madzi a deliya. Mwaiona nkhaniyo? Chitsamba chili pomwepo zaka zonsezi, sichinasamuke. Chimene chimakwera ndi kutsika ndi mtengo wa thumba, ndipo nzeru zathu zimangotsatira pambuyo. Feteleza akatchipa timaiwala zonse, akadula timayambiranso pa sitandade 1.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka deliya n'kakuthwadi, koma tinene zoona zake zonse kuti wina asadzatitukwane mu Febuluwale. Tiyeni tiwerengere limodzi. Thumba la yuleya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Kuti mupeze nayitirojeni wofanana ndi ameneyo m'masamba a deliya, pafunika masamba ouma opitirira makilogalamu 650. Masamba aawisi ndi madzi okhaokha, ndiye kuti muume mulu umenewo mwadula matani anayi kapena kuposerapo. Mukamasenza makilogalamu 25 ulendo umodzi, ndi maulendo 160. Thumba limodzi limenelo. Tsono amene angakuuzeni kuti deliya alowa m'malo mwa feteleza pa maekala awiri a chimanga, mufunseni ngati anayamba wasenzapo mtolo kuchokera kumtsinje dzuwa la ku Mtakataka lili pamutu. Ndipo tonse tikudziwa kuti mitoloyo ikanagwera amayi ndi ana.

Chachiwiri, deliya sapanga chonde chatsopano. Nandolo, khobwe, mtedza, soya ndi msangu zili ndi timibulu ku mizu momwe mumakhala tizilombo tokoka nayitirojeni kuchokera mumpweya. Deliya alibe zimenezo. Iye amangoyamwa chakudya chomwe chili kale m'nthaka pamene wamerapo n'kuchisunga m'masamba. Mukadula kumtsinje n'kukathira kudimba, mwasamutsa chonde kuchoka uko kubwera kuno. Wa m'gombe ndi m'ngalande amakhala wonenepa chifukwa akudya zomwe madzi akokolola m'minda ya kumtunda. Ndiye tinganene kuti amatigwirira chonde chomwe chimathawira kunyanja. Koma mukam'dzala pamchenga wotopa, masamba akenso adzakhala otopa.

Chachitatu, mlendo ameneyu akapatsidwa mkeka amafuna nyumba yonse. Inu a ku Joni, makamaka amene muli cha ku Durban, mwamuona m'mbali mwa misewu. Dziko la South Africa linamuika m'gulu la zomera zoononga zomwe lamulo limati mwini malo azithane nazo, osadzala kapena kugulitsa. Ku Zambia, akatswiri atafunsa alimi, ambiri anadandaula kuti amapha udzu wa ziweto ndi zomera zina. Akamera mothithikana, pansi pake sipamera kanthu. Ifenso alendo oipa ochokera mbali yomweyo tawaona: namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire, nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi nkhokwe yomwe, ndi mbozi za chimanga zomwe zinatipeza cha mu 2017 mpaka boma kulengeza kuti kwagwa tsoka. Tsono ine sindikuuza munthu kuti akamwaze njere za deliya m'dambo momwe timadyetsa ng'ombe ndi kumweta udzu wofolera. Ayi ndithu.

Nanga ntchito yake yeniyeni ili pati? Ili pamalo aang'ono pomwe mbewu yake ndi ya ndalama: dimba. Pa bedi la tomato, mpiru, repu, anyezi kapena chimanga chachiwisi, mitolo khumi imaoneka ntchito yake. Ine kudimba kwanga ndimadula nsonga zanthete ndi masamba asanachite maluwa, chifukwa akayamba maluwa mphamvu imachoka m'masamba ndipo mitengo imalimba. Ndimawaza ndi chikwanje, n'kukwirira m'bedi sabata imodzi kapena awiri ndisanawokere. Kudula asanachite maluwa kuli ndi phindu lachiwiri: njere sizipangika, ndiye safalikira. Wina ndimaponya m'dzenje la manyowa pamodzi ndi mapesi ndi ndowe, poti amathandiza kuti mulu utenthe ndi kupsa msanga. Wina ndimanyika mumgolo wa madzi masabata awiri, n'kusungunula madziwo ndi ena oyera pothirira mbewu. Fungo lake lokha ndiye konzekani, anansi adzakufunsani chomwe chafa. Ndipo amene mwapeza kafeteleza pang'ono, kuphatikiza ndi masambawa kumaposa kuthira chimodzi chokha, chifukwa nthaka ya manyowa imasunga chinyontho ndipo fetelezayo sathawa msanga.

Kuwawa kuja nakonso ndi chuma. Akatswiri a ku LUANAR pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku Britain anayesa madzi a deliya, ombwe, futsa, chisoso ndi zitsamba zina pa nyemba, khobwe ndi nandolo, ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 2018. Anaona kuti tizilombo monga nsabwe za m'masamba timachepa, zokolola zimakwera kuposa munda wosapopera, ndipo tizilombo tothandiza mlimi, monga akangaude ndi tina todya nsabwezo, sitifa ngati mmene timafera ndi mankhwala a m'botolo. Kapangidwe kake n'kosavuta: kuyanika masamba pamthunzi, kusinja, kunyika kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku wonse pamodzi ndi kasopo pang'ono, kusefa ndi kansalu, n'kupopera madzulo. Pafunika kubwereza sabata ndi sabata chifukwa mphamvu yake imatha ndi dzuwa. Alimi a khobwe ndi nandolo kuno kuchigwa, imeneyi ndi ndalama yotsala m'thumba. Pa zakumwa ndiye ndichenjeze. Ndikudziwa kuti ena amamwa madzi ake m'mimba mukamapweteka kapena thupi likatentha. Chomwe chimagwetsa nsabwe si chomwera mwachisawawa, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Malungo ndi a kuchipatala, kukayezetsa magazi. Chipatala cha Mua chilipo, zipatala zing'onozing'ono zilipo.

Tsono pempho langa lili pawiri. Kwa ife a kumudzi: chaka chino tisathamangire machesi. Moto wa mu Okutobala umapsereza masamba omwe akanalowa m'dzenje la manyowa, umasiya gombe la mtsinje lili lamaliseche, ndipo mvula yoyamba ikagwa dothi lonse limapita. Deliyayo safa ndi moto, amaphukanso pachitsa, ndiye taluza manyowa koma tchire likadalipo. Kuli bwino tigwirizane m'midzi, kudzera kwa amfumu ndi makomiti a madimba, kuti amene ali m'magombe ndi m'malire tizimudula kawiri kapena katatu pachaka asanachite maluwa, ndipo amene walowa m'dambo la ziweto tizimuzula ndi mizu yomwe. Kumunda waukulu tibwerere ku zomwe zimapangadi chonde: nandolo ndi khobwe pakati pa chimanga, mtedza mosinthana ndi chimanga, mapesi osatentha, ndi kusiya timitengo ta msangu tomwe tamera tokha. Msangu umachedwa, inde, koma amene tikudyera lero anatisiyira ndi anthu omwe sanaone n'komwe kuponi.

Kwa inu a m'tauni: tikuthokoza chifukwa cha ndalama za feteleza zomwe mumatumiza pafoni mu Novembala, Mulungu azikudalitsani. Musasiye, feteleza akufunikabe. Koma mukamaimba foni muzifunsanso kuti, kodi amayi, dzenje la manyowa mwakumba? Mwina pa ndalama yomweyo patulaniko ya wilibala, ya mgolo, ya mbewu ya nandolo, kapena ya ganyu wodula ndi kututa masamba mu Epulo, kuti mitolo ija isathyole msana wa agogo. Thumba limodzi lothiridwa pa nthaka ya manyowa limagwira ntchito kuposa lomwe lathiridwa pa mchenga wouma, ndiye ndalama yanuyo ipita patali.

Mitengo ya feteleza idzasinthanso, maboma adzabwera ndi mapulogalamu a mayina ena, monga taonera kuyambira nthawi ya makalabu mpaka lero. Chomwe ndikupempha n'chakuti ulendo uno, thumba likadzatsika mtengo, tisadzatayenso zomwe taphunzira m'zaka zovutazi. Ana a sukulu aphunzitseni kusiyanitsa chomera chopanga chonde ndi chosamutsa chonde, adziwe nthawi yodula, adziwe ndi malo osayenera kudzala. Amene muli ndi agogo pakhomo, afunseni madzulo ano kuti deliya anayamba kumuona ali ndi zaka zingati, anamuona pati, ndipo ankamutchula dzina lanji, chifukwa midzi ina ili ndi mayina akeake. Mundiuze zomwe anena, tizisunge pamodzi. Sabata yamawa tidzakamba za thonje ndi masikelo a kumsika.